Kuthandiza mwana kupeza mfundo yaikulu powerenga Chisipanishi

Mwana wa zaka 7 akhoza kukuwerengerani tsamba lonse la Chisipanishi osaphunthwa ngakhale pamodzi, inu mpaka kuomba m'manja. Mufunseni tsono kuti nkhaniyo ikunena chiyani. Amangoti kakasi, kapena amakubwerezerani chiganizo chomaliza chomwe chidakali m'khutu.

Chimachititsa zimenezi ndi kalembedwe ka chinenerochi. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ngati a m'Chichewa. Mawu amawerengedwa mmene alembedwera, kupatula timisampha tochepa monga h amene satchulidwa. Ana ambiri a ku Spain ndi ku Mexico amayambira pa maphatikizo, ma me mi mo mu, monga tinayambira ife. M'chaka cha 2003, Philip Seymour ndi anzake anafalitsa kafukufuku woyerekeza ana a m'mayiko a ku Ulaya pakutha pa chaka chawo choyamba chophunzira kuwerenga. Owerenga Chisipanishi ankatchula molondola mawu oposa 90 pa 100 aliwonse, pomwe ana a ku Scotland owerenga Chingerezi sankafika ndi theka lomwe. Pakamwa pa mwana wa Chisipanishi pamathamanga msanga, mutu n'kutsalira m'mbuyo, ndipo wamkulu amapusitsika chifukwa khutu lake likumva zokoma.

Zomwe ndalemba pano ndi za mphunzitsi kapena kholo lomwe lili ndi mwana wa zaka 6 mpaka 8, amene ali m'makalasi atatu oyambirira a primaria, pulayimale ya kumeneko, kapena m'kalasi ya zinenero ziwiri ngati za ku Texas ndi California. Ngakhale Chisipanishi chanu chili cha pamsika, mukwanitsa.

Yambani mabuku ali chitsekere

Tengani dengu, muikemo supuni, mbale, kapu ndi poto. Mwana atchule chimodzichimodzi: cuchara, plato, taza, olla. Kenako mumufunse dzina limodzi lomwe lingakwanire zonsezo. Akati cosas de la cocina, zinthu za kukhitchini, wagwira kale ntchito yomwe adzagwire pa ndime ya m'buku: waona zambiri n'kuzimanga ndi chingwe chimodzi. Ponyanimo nsapato, muone ngati aitulutse ndi kunena chifukwa chake. Mawa lake ikanimo pensulo, kope ndi rula.

Masiku awiri kapena atatu akwana. Denguli musalitaye, tilifunanso.

Kuchoka pa dengu pitani pa chithunzi chodzaza, monga cha msika. Funso ndi limodzi, ndipo mwana alizolowere chifukwa ndi lomwe azikumana nalo kusukulu: ¿De qué trata? Tanthauzo lake ndi lakuti, zikukamba za chiyani? Mwana adzaloza galu yemwe ali pakona. Muvomereni kuti galuyo alipodi, n'kumufunsa ngati wojambulayo anajambula chithunzi chonsechi chifukwa cha galu.

Mawu atatu omwe amasokonekera

Kwa ife olankhula Chichewa pali kamsampha apa. Liwu loti mutu timaligwiritsa ntchito ponena za mawu olembedwa pamwamba pa nkhani, komanso ponena za chimene nkhaniyo ikukamba. Chisipanishi chimasiyanitsa. Título ndi mawu a pamwamba aja. Tema ndi chinthu chomwe chikukambidwa, ndipo chimatchulidwa ndi liwu limodzi kapena awiri: chimanga, agulugufe. Idea principal, mfundo yaikulu, ndi chiganizo chathunthu chonena chomwe wolemba akufuna tidziwe za chinthucho. Tina tonse ndi detalles, timfundo tothandizira.

Mwana akayankha kuti "el maíz" mutamufunsa mfundo yaikulu, sanalakwe. Waima pakati pa njira. Muuzeni kuti, "Eya, ndi za chimanga. Nanga chimangacho chatani?" Kafunso kakuti "chatani" kameneka ndi kamene kamasandutsa tema kukhala mfundo. Dziwaninso kuti mapepala a sukulu za ku Texas amakonda kulemba idea central. Ndi chinthu chomwecho, musadabwe mwana akabwera nalo kunyumba.

Sankhani nkhani yoyenera

Musayambe ndi nthano. Nthano ili ndi otengambali, zochitika ndi phunziro la kumapeto lomwe amati moraleja, ndipo mwana amasakaniza zonsezi. Yambani ndi kandime kofotokoza zinthu zenizeni, ka ziganizo zinayi kapena zisanu, konena za chinthu chomwe mwanayo akuchidziwa kale. Mfundo ya kudziwa kaleyi si yaing'ono. Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana a ku America nkhani ya masewero a baseball, ndipo ana ofooka powerenga koma odziwa masewerowo anaimvetsa kuposa akatswiri a kuwerenga osawadziwa. Mwana sangasankhe chachikulu pa zinthu zomwe zonse ndi zachilendo kwa iye.

Ngati simukupeza kandime kotere, lembani nokha. Nachi chitsanzo:

El maíz es muy importante en la cocina de México. Con él se hacen tortillas, tamales y atole. Muchas familias lo comen todos los días. Hay maíz blanco, amarillo, rojo y azul.

M'Chichewa: Chimanga n'chofunika kwambiri pa kaphikidwe ka ku Mexico. Amapangira tortilla, tamales ndi atole. Mabanja ambiri amachidya tsiku lililonse. Chilipo choyera, chachikasu, chofiira ndi chabuluu.

Ndasankha chimanga dala. Kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teocintle, ndipo ku Africa chinafika patadutsa chaka cha 1500. Mwana wokulira pa nsima ndi phala sakhala mlendo m'ndime imeneyi. Mukamuuza kuti atole ndi phala lamadzimadzi lomwe amamwera m'kapu, ndi kuti tamales amakulunga m'makoko a chimanga n'kuphika ndi nthunzi, wamva kale.

Ganizani mokweza, iye akumvetsera

Tsiku loyamba la ndime, ntchito ndi yanu. Werengani mokweza kawiri. Kachitatu muziima n'kumalankhula zomwe zili m'mutu mwanu, ngati munthu wodziyankhulira ali kumunda: "Apa akutchula chimanga. Chiganizo chachiwiri akuti con él, él ameneyu ndani? Ndi chimanga chomwe chija. Ndiye nkhani yonseyi ndi ya chimanga. Nanga akuti chatani? Akuti amapangira zakudya zambiri, akuti amadya tsiku lililonse. Zonsezi zikundiuza kuti n'chofunika." Mudzaoneka ngati wozerezeka pang'ono. Pirirani, chifukwa mwana sanaonepo mmene munthu amaganizira powerenga. Amangoona maso akuyenda.

David Pearson ndi Margaret Gallagher anafotokoza ndondomekoyi mu 1983: mphunzitsi amayamba yekha, kenako amachitira limodzi ndi mwana, pomaliza mwana amachita yekha. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kudumpha gawo lapakati. Wamkulu amaonetsa kamodzi, n'kupereka pepala la mafunso khumi. Gawo lochitira limodzi ndi lomwe liyenera kutenga masabata.

Pochitira limodzi gwiritsani mafunso awiri okha, nthawi zonse omwewo. ¿De quién o de qué habla? Akukamba za ndani kapena za chiyani? ¿Qué es lo más importante que dice? Chofunika kwambiri chomwe akunena n'chiyani? Mwana aphatikize mayankho awiriwo kukhala chiganizo chimodzi, akuwerenga mawu pa zala. Njira ya kusapitirira mawu khumi anaitchukitsa ndi Janette Klingner ndi Sharon Vaughn m'zaka za m'ma 1990, ndipo ubwino wake ndi wakuti zala zikatha mwana amakakamizika kutaya zosafunika. Ine pa Chisipanishi ndimalola mawu khumi ndi awiri, chifukwa timawu ngati el, la, de ndi en timadya zala pachabe. El maíz es muy importante en la comida de México: zala khumi ndendende.

Kusaka mwininkhani wobisala

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pomwe malangizo ongotengedwa ku Chingerezi amaphonya. Ana ambiri amaphunzitsidwa kuti ayang'ane liwu lomwe labwerezedwa kwambiri, limenelo ndiye tema. Pa Chisipanishi njirayi imagwa chagada, chifukwa wolemba wabwino amatchula dzina kamodzi basi, kenako n'kulisiya. Saikanso ngakhale mlowam'malo. Onani:

Cada otoño, la mariposa monarca hace un viaje muy largo. Sale de Canadá y de Estados Unidos. Vuela unos cuatro mil kilómetros. Llega a los bosques de Michoacán en noviembre. Allí los árboles la protegen del frío.

M'Chichewa: Chaka chilichonse kuzizira kukamayandikira, gulugufe wa monarca amayenda ulendo wautali kwambiri. Amanyamuka ku Canada ndi ku United States. Amauluka makilomita pafupifupi 4,000. Amafika m'nkhalango za ku Michoacán, m'dziko la Mexico, mu Novembala. Kumeneko mitengo imamuteteza ku chisanu.

Liwu loti mariposa laoneka kamodzi kokha, koma gulugufeyo ali m'chiganizo chilichonse. Wabisala m'aneni: sale, vuela, llega. Mwana amene sakumuona amawerenga ziganizo zisanu zosagwirizana, china cha Canada, china cha makilomita, china cha mitengo, ndipo mukamufunsa adzakuuzani kuti nkhaniyi ndi ya mitengo, poti ndiyo yomaliza kumveka.

Chitani chonchi. Mwana azungulize mariposa monarca ndi pensulo yofiira. Pa mneni aliyense muime n'kufunsa: ¿Quién sale? Akunyamuka ndani? ¿Quién vuela? Akayankha, ajambule muvi kuchoka pa mneniyo kubwerera ku dzina lozungulizidwa lija. Pomaliza tsamba limakhala ndi mivi yoloza malo amodzi, ndipo mwana amadzionera yekha mwini nkhani popanda inu kumuuza.

Chiganizo chomaliza chimafuna kudekha. Mneni wasintha, wakhala protegen, wothera ndi n, kusonyeza kuti ochitawo ndi ambiri: mitengo. Nanga gulugufe wapita kuti? Ali m'kaliwu kakuti la. Ana anazolowera kuona la kutsogolo kwa dzina, la casa, la mesa, ndiye akakapeza kutsogolo kwa mneni amangokadumpha. Afunseni: ¿A quién protegen? Ikuteteza ndani? Muvi wina ubwerere kwa gulugufe. Chimodzimodzi ndi lo wa m'ndime ya chimanga, lo comen, amachidya.

Mwana wolankhula Chichewa ali ndi mwayi pano umene mnzake wa Chingerezi alibe, ndipo muuzeni zimenezo. Ifenso sitibwereza dzina. Timati gulugufe amanyamuka, amauluka, amafika, ndipo a wa kumayambiriroyo ndiye amatikumbutsa mwininkhani. Tikati mitengo imamuteteza, i akuimira mitengo, mu akuimira gulugufe. Mu ameneyo ndiye la. Kusiyana n'kwakuti ife wochita timamuika kumutu kwa mneni, pomwe Chisipanishi chimamuika kumchira: vuela ndi mmodzi, vuelan ndi ambiri, vuelo ndi ine. Mukangomuuza mwana kuti "kuno uziyang'ana kumchira," amagwira msanga kuposa mmene mungayembekezere.

Khalani pa ntchito ya miviyi kwa ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi zosiyanasiyana. Musathamange.

Dengu libwerenso

Lembani chiganizo chilichonse cha ndime ya chimanga pa kapepala kakekake, muzisakanize patebulo. Funso ndi lakuti: ndi chiganizo chiti chomwe chili dengu, choti zinzake zonse zingalowemo? Mwana ayese chimodzichimodzi.

Ndikuuziranitu zomwe zichitike. Adzasankha chimanga chabuluu. Ana amakopeka ndi chodabwitsa, ndipo kwa mwana chodabwitsa ndi chofunika n'chimodzi. Musamuuze kuti walakwa. Tengani kapepala ka tortilla mumufunse ngati kakulowa m'dengu la mitundu ya chimanga. Sikalowa. Nanga ka mabanja odya tsiku lililonse? Nakonso ayi. Dengulo lachepa. Tsiku lina adzalumphira mbali ina n'kunena kuti nkhaniyi ndi ya zakudya, la comida. Pamenepo mufunseni ngati wolemba watchulapo nsomba kapena mpunga. Dengulo lakula, muli malo ambiri opanda kanthu. Mawu awiriwa, lachepa ndi lakula, muy chica ndi muy grande ponena za canasta, lomwe ndi dengu, amakhala chilankhulo chanu cha pa ntchitoyi, ndipo amapweteka pang'ono kusiyana ndi "walakwa".

Pa nthawi yomweyi muonetseni timawu tolozera njira. Por ejemplo, también ndi además nthawi zambiri timatsogolera timfundo tothandizira. Por eso ndi en resumen timakonda kubwera ndi mfundo yomanga zonse. Pero ndi sin embargo timachenjeza kuti wolemba wakhota, ndipo chomwe akufunadi kunena chingakhale kutsogoloko. Atatu pa sabata akwana. Osawapachika onse pakhoma tsiku limodzi.

Sunthani chiganizo chachikulu, kenako chichotseni

M'ndime ziwiri zapitazi mfundo yaikulu inali m'chiganizo choyamba. Ana ndi ochenjera: pofika ndime yachinayi amakhala atazindikira, ndipo amangodula mzere kunsi kwa chiganizo choyamba osawerenga n'komwe. Mabuku ena a ntchito amawazoloweza zomwezo. Thyolani chizolowezichi msanga. Tengani timapepala tija, chiganizo cha dengu muchiike kumapeto, muwerenge limodzi. Ndimeyo ikumvekabe? Mfundo yasintha? Ayi, yangosamuka.

Akakhazikika pamenepo, mupatseni ndime yomwe mfundo yake sinalembedwe paliponse:

El ajolote vive en los canales de Xochimilco. Hoy el agua está sucia. Hay peces traídos de fuera que se comen sus huevos. Cada vez es más difícil encontrarlo.

M'Chichewa: Ajolote amakhala m'ngalande za ku Xochimilco, mumzinda wa Mexico City. Masiku ano madziwo ndi akuda. Muli nsomba zochokera kwina zomwe zimadya mazira ake. Kumupeza kukunka kuvutiravutira.

Ajolote ndi kanyama ka m'madzi kooneka ngati buluzi koma kachibale ka achule, kodziwika chifukwa mwendo ukaduka umameranso. Ana a ku Mexico amakadziwa bwino. Kali pa ndalama ya pepala ya 50 pesos yomwe inatuluka mu 2021. Zina mwa nsomba zomwe zikukavutitsa ndi tilapia, achibale a chambo chathu. Palibe chiganizo pano chomwe chili dengu. Mwana ayenera kuluka lake: El ajolote está en peligro, ajolote ali pangozi. Akanena m'mawu ena, monga akuti ajolote akutha, landirani, kenako mumufunse kuti, ¿Cómo lo sabes? Wadziwa bwanji? Aloze ndi chala ziganizo zomwe zamuuza.

Gawo limeneli musalikakamize pa mwana wa zaka 6. Ngakhale muyezo wa Common Core wa ku America, womwe unatuluka mu 2010, umangofuna kuti mwana wa giredi yoyamba atchule chomwe nkhani ikukamba ndi timfundo take. Kupeza mfundo yaikulu ndi kuonetsa mmene timfundo tikuichirikizira umakuika mu giredi yachitatu. Mwana wanu wa zaka 6 akamatha kunena tema ndi kutsata mivi, ali pabwino.

Chinenero cha pakhomo ndi kalembedwe

Ngati pakhomo mumalankhula Chichewa, mulekeni mwana ayambe wanena mfundoyo m'Chichewa. Mukatero mumadziwa pomwe pali vuto. Akanena bwino m'Chichewa koma n'kukanika m'Chisipanishi, nkhani waimva, chikusowa ndi mawu. Akakanika konsekonse, bwererani ku mivi. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo pepala la mafunso osankha a, b, c silingakuuzeni kuti mwana ali ndi liti.

Pomuthandiza kusamukira ku Chisipanishi mupatseni poyambira: Este texto trata de... ndi Lo más importante es que... Iye amalize. Pa nthawi imeneyi tsekani khutu ku zolakwika za el ndi la. Akati "la maíz" pomwe mfundo wailasa, muyamikireni mfundoyo, inu mubwereze chiganizocho molondola ngati mukungovomereza, n'kupitirira. Mukamudula pakamwa chifukwa cha kaliwu kamodzi, ulendo wina adzasankha kukhala chete. Kulemba kubwere pambuyo pa kunena, ndipo chikhale chiganizo chimodzi chokha m'kope, pansi pake ajambule chithunzi ngati akufuna.

Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, katatu pa sabata, n'zokwanira. Mukaona akuyasamula, tsekani.

Tsopano nthano

Pakatha mwezi kapena iwiri mukhoza kulowa m'nthano ndi nkhani zopeka. Mafunso awiri aja sakwanira pano, chifukwa nthano imayenda. Gwiritsani mawu anayi pa zala zinayi: alguien, quería, pero, entonces. Wina wake, ankafuna, koma, ndiye. Mwana adzaze: ndani, ankafuna chiyani, chinamutsekereza n'chiyani, zinatha bwanji. Chotuluka ndi chifupikitso cha nthanoyo. Phunziro lake ndi funso lina, la tsiku lina, ndipo muzimuuza momveka kuti lero tikufuna zomwe zachitika, mawa tidzafuna zomwe tikuphunzirapo.

Kuti mudziwe ngati zalowa, tengani ndime yomwe sanaionepo, muphimbe título ndi chala, awerenge yekha chamumtima. Akamaliza apereke mutu wakewake, anenenso chifukwa chomwe wausankhira. Kenako chotsani chala muyerekeze ndi wa wolemba. Nthawi zina wa mwana umaposa wa m'buku, ndipo zikatero muuzeni. Akapereka mutu wa kanthu kamodzi kodabwitsa, ngati chimanga chabuluu chija, tulutsani lumo, mudule ndimeyo m'timapepala, mubwerere patebulo.